Ngongole zonse si zofanana, yambani kupha imene ikuluma kwambiri

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene malipiro awo amatha pa 5, mwezi usanapite n'komwe patali. Za kukwera mitengo kwa zinthu palibe angatsutse. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo zimenezo munthu wamba sangazibweze. Koma m'makomo ambiri muli dzenje lina limene mwini nyumba angathe kulikwirira yekha, ndilo chiwongoladzanja cha ngongole zimene anatenga osawerengera mtengo wake. Chimandipweteka n'chakuti munthu yemwe uja amanenerera tomato pamsika mpaka wogulitsa amuikire banyira, akafika pokongola ndalama amangofunsa kuti "ndilandira liti?" Safunsa kuti ndalamayo imudyera zingati pamwezi.

Ntchito imayambira pa kope ndi cholembera. Tsamba loyamba likhale la ngongole zokhazokha, ndipo iliyonse ikhale ndi mzere wake: mwini wake ndani, yatsala zingati lero, chiwongoladzanja chake n'chotani pamwezi, tsiku lobweza ndi liti, ndipo munapereka chikole chanji. Musasiye ing'onoing'ono. Ya pagolosale ilowe, mayunitsi okongola pafoni alowe, K10,000 ya alamu anu ilowenso. Ngati muli pabanja, tsambali mulembe awiri. Bajeti zambiri zimafera pa ngongole yobisa, pamene bambo ali ndi wakatapila wawo kuntchito, mayi ali m'magulu atatu a banki mkhonde, aliyense n'kumadabwa kuti ndalama ya ndiwo ikuthawira kuti. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kuulula kumawawa usiku umodzi, koma chiwongoladzanja chimawawa mwezi ndi mwezi.

Mukalemba, ngongole zonsezo muziyeze ndi muyeso umodzi: pa K100,000 iliyonse, mwezi umodzi imadya zingati? Wakatapila wa 50 peresenti amadya K50,000. Gulu la banki mkhonde la 20 peresenti limadya K20,000. Ngongole yodula kumalipiro ya 4 peresenti pamwezi imadya K4,000. Ya pagolosale siidya kanthu, imangodya ulemu. Mukatero mudzaona kuti ngongole yaikulu si imene ili yoopsa. Kawirikawiri yoopsa ndi kakang'ono kaja kamene mumakanyozera.

Tiyerekeze banja limene lili ndi K60,000 kwa wakatapila pa 50 peresenti, komanso K100,000 ku banki mkhonde pa 20 peresenti. Mwezi ukatha wakatapila amafuna K90,000. Banja lilibe yonseyo, ndiye limapereka K30,000 ya chiwongoladzanja chokha n'kupempha kuti inayo idikire. Wakatapila sakana, chifukwa phindu lake lagona pomwepo. Miyezi 6 ikatha banjali lapereka K180,000, koma K60,000 ija ikadali chilili. Likalephera ngakhale chiwongoladzanjacho n'kuchiphatikiza ku ngongole, K90,000 imasanduka K135,000 mwezi wachiwiri, wachitatu K202,500.

Tsono onani zimene K15,000 yokha yowonjezera imachita. Banja likamapereka K45,000 m'malo mwa K30,000, mwezi woyamba ngongole imatsika kufika pa K45,000. Mwezi wachiwiri imakwera kufika K67,500, mukachotsa K45,000 patsala K22,500. Mwezi wachitatu ndi K33,750, ndipo yatha. Zonse pamodzi mwapereka K123,750, ngongole yafa m'miyezi itatu. Nthawi yonseyi ku banki mkhonde mukungopereka K20,000 imene gulu likufuna. Katapila akangotha, K45,000 ija musaiyese ndalama yopuma nayo. Iphatikizeni ku K20,000, muzipereka K65,000 kugulu, muperekenso K11,250 imene yatsala pa K45,000 ya mwezi wachitatu, ndipo pofika mwezi wachisanu ngongole zonse ziwiri zatha. Kuyambira pamenepo m'nyumba muli K65,000 pamwezi imene kale inkapita kwa anthu ena, malipiro osakwezedwa ngakhale tambala.

Ambiri amalakwitsa pamenepa m'njira ziwiri. Ena amagawa kandalama kowonjezera kaja mofanana kwa onse owakongoza kuti aliyense atonthole, mapeto ake palibe ngongole imene imafa. Ena amayamba ndi amene akuimba foni kwambiri. Phokoso si chiwongoladzanja. Wagolosale kambiranani naye mwaulemu, mumuuze tsiku lenileni ndipo mulisunge, koma ndalama yowonjezera ipite kumene ikudyedwa kwambiri. Pokhapo pamene chikole chili pafupi kulandidwa, monga malo, njinga yamoto ya kabaza kapena makina osokera amene mumadyerapo, m'pamene mungasinthe ndondomekoyi, chifukwa kutaya chida chogwirira ntchito n'kutaya malipiro amene.

Wina afunsa kuti K15,000 yowonjezerayo ichokera kuti pamene ndalama sizikukwana kale. Ndi K500 patsiku. Kuti muipeze, tsamba lachiwiri la kope likhale la zogula, ndipo kwa masiku 30 muzilemba chilichonse madzulo a tsiku lomwelo, musanagone. Mukadikira Loweruka mudzakumbukira lendi ndi thumba la makala, koma mandasi, kabaza wa mtunda woyendeka pansi ndi bandulo ya tsiku limodzi mudzaziiwala, chonsecho ndalama imathera kumeneko. M'mwezi woyambawu musadzimane kanthu, ingolembani zoona. Bajeti yolemba zimene mukufuna mutamachita, osati zimene mumachitadi, siifika pa 10.

Kope likadzadza, malo otayikira ndalama amaoneka okha, ndipo m'makomo ambiri ndi omwewomwewo. Kugula modukizadukiza n'koyamba: mafuta ophikira a m'tijumbo, ufa wa walkman, shuga woyeza pasupuni, makala a m'kapepala. Tengani mtengo wa kajumbo ka mafuta, muwerenge tingati timadzadza botolo la lita imodzi, muyerekeze ndi mtengo wa litayo kusitolo, mudzaona nokha. Wosauka amagula modula kuposa wolemera chifukwa chogula pang'onopang'ono. Ngati simungakwanitse chigubu cha malita 5 nokha, sonkhani ndi anzanu awiri oyandikana nawo mugawane. Kwachiwiri ndi kutapa ndalama pafoni kangapo patsiku. Kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake, choncho kutapa kasanu ndalama zing'onozing'ono kumadula kuposa kutapa kamodzi. Kwachitatu ndi kubetcha mpira. Apa sindizungulira: munthu amene ali ndi ngongole ya katapila asabetche ngakhale K200. Kampani yobetchetsa inawerengera kale kuti onse obetcha akaphatikizidwa iyo ipindule, ndiye si njira yobwezera ngongole.

Tsiku lolandira malipiro ndilo limagamula mwezi wonse. Ndalama isagone m'thumba ili yosagawa. Tsiku lomwelo perekani lendi, gulani mayunitsi a magetsi a mwezi wonse, lipirani madzi, perekani ngongole monga mwa ndondomeko ija, patulani ya thiransipoti yopitira kuntchito. Yotsalayo ndiyo ya chakudya ndi zina, ndipo muigawe m'maenvelopu. Pano pali kamsampha: mwezi si milungu inayi. Milungu inayi ndi masiku 28, pamene mwezi uli ndi 30 kapena 31, ndipo malipiro akhoza kuchedwa. Masiku awiri kapena atatu otsalawo ndi amene amabwezera anthu kwa wakatapila. Gawani pasanu, envelopu yachisanu ikhale yocheperako. Ya mlungu uno ikatha Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu mudye zimene zili m'nyumba, yamawa musaitsegule. Disembala ndiye afunika kusamala mwapadera, pakuti ambiri amalandira Khirisimasi isanafike ndipo malipiro otsatira amabwera kumapeto kwa Januwale. Ndalama imodziyo iyenera kuyenda pafupifupi milungu 6, fizi ya teremu yachiwiri ili momwemo.

M'bajetimo muikemonso mzere wa abale, zovuta ndi maukwati. Maliro sapanganika, ndipo palibe Mmalawi angakhale pamudzi kapena mumpingo osapereka chipepeso. Bajeti yopanda mzere umenewu ndi yabodza. Ikani ndalama yodziwika, ngakhale K10,000, ndipo ikatha muziyankha zoona kuti "mwezi uno ndaperewera, ndidzakuonani mwezi wamawa." Kukongola pa 50 peresenti kuti mukaonekere pa perekaniperekani n'kugula ulemu wa mphindi zisanu ndi njala ya ana anu.

Nanga kusunga? Maganizo anga ndi akuti kusunga ndalama zambiri uli ndi ngongole ya katapila n'kutunga madzi ndi dengu. Palibe banki kapena SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama) imene ingakupatseni pachaka chonse zimene wakatapila amakulandani m'miyezi iwiri. Komabe kandalama kochepa kadzidzidzi kafunika kuyambira pachiyambi, kokwana thiransipoti yopita kuchipatala usiku ndi mankhwala, mwina K20,000 kapena K30,000. Popanda kameneka, mwana akangotentha thupi mwabwereranso kokongola ndipo ntchito ya miyezi itatu yagwa. Kasungeni posiyana ndi ndalama ya ndiwo, pamalo pamene mungakapeze usiku koma osati pafoni imene mumagulira bandulo.

Ngongole zolusa zikatha, kusunga kwenikweni kuyambe ndi zinthu zimene timazitcha zadzidzidzi pamene tsiku lake limadziwika chaka chisanayambe. Fizi imabwera katatu pachaka. Ngati teremu ndi K90,000, pachaka ndi K270,000, kutanthauza K22,500 mwezi uliwonse. Feteleza amafunika mvula isanagwe. Werengani matumba amene munda wanu umadya, mugawe mtengo wake ndi miyezi yotsala, ndipo ndalama ikakwana thumba limodzi gulani pomwepo. Pamene mitengo ikukwera chonchi, thumba la feteleza losungidwa pouma, pamwamba pa matabwa, limasunga mphamvu ya ndalama yanu kuposa ndalama yogona pansi pa matiresi.

Chimanga n'chimodzimodzi. Chimatsika mtengo anthu akamakolola, cha mu Meyi ndi Juni, n'kukwera kwambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi. Kuti mudziwe matumba ofunika, lembani tsiku limene mwapita kuchigayo ndi thumba la makilogalamu 50 ndi tsiku limene ufa wake watha. Koma chimanga chogula nthawi yokolola nthawi zambiri chimakhala chisanaumitsitse, ndipo mukachitsekera chotero chimachita chuku, ndalama yonse n'kuwola. Chiyeseni motere: ikani chimanga chodzadza dzanja m'botolo lagalasi louma, thiranimo mchere wouma, tsekani, khutchumulani, mudikire kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Chikauma thirani mankhwala a anankafumbwe monga mwa malangizo a pa paketi, kapena gwiritsani ntchito matumba a PICS osalowa mpweya, mumange jumbo lililonse la m'kati palokha. Thumba likaboka ngakhale pang'ono, mphamvu yake yatha.

Banki mkhonde ndi yabwino, ndipo chiwongoladzanja chimene mumapereka chimabwerako pogawana kumapeto kwa chaka, molingana ndi masheya anu. Imasanduka msampha munthu akalowa magulu ambiri n'kumatenga kuno kukatseka uko, kapena akamakongola m'dzina lake kuti apatse munthu wakunja kwa gulu. Wakunjayo akathawa, ndowa ndi mbale zimene gulu lidzanyamule ndi zanu. Gulu limodzi, masheya amene mungakwanitse ngakhale mwezi woipa, n'zokwanira. A geni ndi a kabaza, amene ndalama yawo imabwera tsiku ndi tsiku, apatule mpamba asanadye kanthu, adzilipire ndalama yofanana tsiku lililonse yoyezera pa tsiku loipa, za tsiku labwino zipite ku ngongole.

Ponena za ngongole za kubanki ndi kumabungwe obwereketsa, funso limodzi limapulumutsa ndalama zambiri: chiwongoladzanja mukuwerengera pa ndalama yonse imene ndinatenga, kapena pa yotsala? Mukatenga K600,000 kwa miyezi 12 pa 4 peresenti pamwezi, njira yoyamba imakudyerani K24,000 mwezi uliwonse, pamodzi K288,000. Njira yachiwiri, mukamabweza K50,000 pamwezi chiwongoladzanja n'kumatsika nayo, imakudyerani K156,000. Onse awiri akunena "4 peresenti", koma kusiyana kwake ndi K132,000. Funsaninso ndalama zimene amadula musanalandire, ndiponso ngati pali chilango mukabweza msanga, ndipo zonsezi akulembereni. Kutenga ngongole yotsika mtengo ku SACCO kuti muphe nayo katapila n'kwanzeru, malinga mutenge ndalama yokwana ngongoleyo basi ndipo muipereke tsiku lomwelo. Kuwonjezera ngongole pa ngongole yakale, kumene obwereketsa amakonda kuimbira anthu foni, nthawi zambiri kumangotalikitsa zaka zodulidwa malipiro. Ndipo mnzanu akakupemphani kuti mumusainire ngati womuimira pa ngongole yake, dziwani kuti mukuvomera kubweza ngongole yonse iye akalephera.

Mabungwe ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, kotero akakulakwirani pali kokadandaula. Wakatapila alibe womuyang'anira, n'chifukwa chake mboni yanu ndi pepala. Ndalama iliyonse imene mwapereka ilembedwe, tsiku lake, yotsala, onse awiri musaine, kapena muitumize pafoni kuti uthenga ukhale umboni. Khadi la kubanki ndi nambala yake yachinsinsi musapereke kwa munthu, chifukwa mukatero iye ndiye amayamba kutapa malipiro anu inu n'kulandira zotsala, kenaka n'kukongolanso kwa iye yemweyo kuti mufike kumapeto kwa mwezi. Ngati munapereka kale, tsiku lomaliza kubweza mupite ndi mboni, alembe kuti ngongole yatha, mutenge khadi lanu ndi chikole chanu, ndipo nambala yachinsinsiyo mukaisinthe tsiku lomwelo musanafike kunyumba.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu,
Zomba