Kwa eni chipatala cholipira chimene munamanga mwendo wa mayi anga

Ndalemba pa tsamba lanu la Facebook chifukwa foni ndaimba katatu, ndipo nthawi zonse yankho ndi lomwelo: "Abwana kulibe, tiwauza." Ndiye werengani pompano, anzathu a kuno ku Chigwa cha Shire awerenge nawo.

Masabata atatu apitawo, Lolemba m'mawa, mayi anga anaterereka pamatope a pamjigo ali ndi ndowa pamutu. Phazi lakumanja linapindikira mkati. Pofika 10 koloko kakolo anali atatupa moti patapata sanalowenso. Tinawakweza kabaza kubwera kwa inu. Boma lili kutali, dzuwa la Okutobala kuno mukulidziwa, ndipo tinkati kolipira n'kumene munthu amaonedwa bwino.

Namwino amene tinamupeza sanadzuke n'komwe pampando mpaka nthawi yotenga bandeji. Phazi analiyang'ana ali patali. Sanadinize fupa kuti amve pamene pakupweteka, sanawauze mayi kuti ayese kuponda, sanafunse kuti anagwa bwanji. Anangoti "abinya basi," n'kuyamba kukulunga. Anakoka bandejiyo mwamphamvu ngati akumanga mtolo wa nzimbe. Mayi atalira kuti yathina, iye anati imayenera kutero kuti kutupa kuthe. Kenaka anatipatsa bulufeni, n'kutiuza kuti tikafika kunyumba tikathowe ndi madzi otentha m'mwamba mwa bandejimo ndi kusisita katumba. Tinalipira, risiti ndili nayo.

Buku la kuchipatala la mayi linali patebulo pomwepo. Akanangotsegula masamba awiri akanaona kuti mayi ali ndi zilonda za m'mimba ndipo akhala akulandira mankhwala ake. Munthu wotero sapatsidwa bulufeni mwachisawawa, chifukwa amakanda m'mimba mpaka zilonda kutuluka magazi. Sanatiuzenso kuti amwe atadya. Bukulo analitsegula pamapeto pokha, polemba mzere wake umodzi.

Ife tinachita zonse monga tinauzidwira. Kuthowa ndi chinthu chimene tinakula nacho, ndiye namwino atanena, tinalibe chifukwa chokayikira. Usiku mayi sanagone. Zala zinachita dzanzi, zikuzizira ngati za munthu amene wakhalitsa m'madzi, chonsecho m'nyumba muli ng'anjo. Phazi linafufuma kutsogolo kwa bandeji. Ine ndinkaopa kumasula, poti zomanga a chipatala sitimasula wamba. Tsiku lachiwiri madzulo, m'mimba mutayambanso kuwotcha, achimwene anga anatenga lumo n'kuidula. Mizere imene bandejiyo inasiya pakhungu ndinaijambula, zithunzi zilipo.

Lachitatu tinabwereka ndalama n'kupita kuchipatala cha boma. Kumeneko n'kumene ndinadziwa zimene munayenera kuchita inu.

Dokotala wa mafupa anagwira phazi ndi manja ake. Anadiniza kumbuyo kwa timafupa tiwiri totuluka m'mbali mwa kakolo, anadinizanso m'mbali mwa phazi, kenaka anawauza mayi kuti ayese kuponda kanayi. Atalephera, anawatumiza kukajambulidwa. Mwamwayi fupa linali lamphumphu, yovulala inali mitsempha imene imagwira mfundo. Namwino wa kumeneko, yemwe anali ndi mzere wa anthu mpaka pakhonde, anatipatsa mphindi zisanu zokha, koma m'mphindi zimenezo anatiuza zonse.

Anati masiku awiri kapena atatu oyamba munthu akabinya, madzi otentha ndi kusisita n'zoletsedwa, chifukwa timitsempha ta magazi tomwe tang'ambika mkati timatseguka, magazi n'kumachulukira pamalopo, kutupa n'kuwonjezeka. Chofunika ndi chozizira: ayisi wokulunga m'kansalu, osamugunditsa pakhungu, mphindi 15 kapena 20, kubwereza pakapita maola awiri kapena atatu. Mwina mudzati kumudzi ayisi amupeza kuti. Pa tredingi pomwe muli inupo ana amagulitsa mafirizesi tsiku lonse, ndipo ife tinagwiritsa ntchito omwewo. Anati mwendo uzikhala pamwamba, atagona chagada phazi lili pa mapilo, kuti madzi otupitsawo atsike. Bandeji anaimanga ife tikuona: kuyambira kufupi ndi zala kukwera kupitirira kakolo, zala zili poyera, yogwira koma yoti chala cha kumanja n'kulowa pansi pake. Anatsina chikhadabo cha chala chachikulu mpaka chinayera, n'kutionetsa mmene mtundu umabwererera msanga ngati magazi akuyenda. Anati usiku tiziimasula, ndipo tikaona dzanzi, kuzizira kapena zala zitasintha mtundu, tiichotse nthawi yomweyo osadikira munthu. Bulufeni anamuletsa, anawapatsa panado. Anawaphunzitsanso mafizo a pakhomo oti ayambe ululu ukachepa: kukweza ndi kutsitsa phazi, kulizunguliza, kenaka kuponda pang'onopang'ono atagwira ndodo, chifukwa mfundo ikangokhala osagwedezeka imauma, ndipo kakolo wosachira bwino sachedwa kubinyanso.

Pa zonsezi, kupatula kujambula fupa kuja, palibe chofuna makina. Simunafunike magetsi. Munafunika manja ndi pakamwa basi. Ngati munaona kuti nkhaniyi yakukulirani, bwenzi mutatilembera kalata yopita kuboma tsiku lomwelo, ife tikanathokoza.

Ndisanamizire munthu. Amene anagwetsa mayi si inu, ndi matope. Ndikudziwanso kuti kubinya kwakukulu kumatenga masabata ambiri ngakhale kutasamalidwa bwino. Koma masiku awiri ofunika kwambiri aja tinawathera kutenthetsa phazi lotupa lili m'chingwe, pomvera mawu a namwino wanu. Zimenezo ndiye zanu.

Mwina kwa inu kakolo ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi malungo kapena uchembere. Kwa ife ayi. Chibwerere namondwe wa Freddy mu 2023, munda wa mayi wakumtunda unakwiririka ndi mchenga, ndipo chimene chikuwadyetsa ndi dimba la kumadzi. Kudimbako amapita wapansi, kuthirira n'kwa ndowa. Panopa akuthirira ndi mwana wanga, asanapite kusukulu. Ndipo anthu obwera kwa inu ndi mabondo, mapewa ndi akakolo si mayi okha: odula nzimbe a ku Nchalo, anyamata a kabaza amene amagwa pamsewu wa ku Ngabu ndi Bangula, ana a mpira wa m'madambo. Onsewo mukuwauza kuti akathowe? Ena akapanda kuchira amathera kokatemera mphini, kenaka inu nomwe mumawanena kuti ndi mbuli.

Dzina la namwinoyo sindilemba pano, siginecha yake ili m'buku, mukamudziwa. Sindikufunanso kuti achotsedwe ntchito, nayenso ali ndi pakhomo pake. Ndikufuna mukhale naye pansi pamodzi ndi anzake, abwereze mmene amaonera ndi kumangira mfundo yovulala, ndipo wodwala asamatuluke pachitseko chanu asanauzidwe zizindikiro zoti amasulire bandeji. Ndalama ya bandeji ndi ya bulufeni uja mutibwezere. Ya ulendo wa kuboma tikambirana.

Lachisanu likudzali m'mawa ndibwera ndi buku, risiti ndi zithunzi. Abwanawo akhalepo. Akapanda kupezeka, mapepala omwewo ndiwatumiza ku Nurses and Midwives Council of Malawi.