Amayi, alamu abweretse lisiti la laputopu

Okondedwa amayi,

Ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Mundiperekere moni kwa agogo ndi ana onse. Malipiro ndalandira Lachisanu, koma sinditumiza kaye kanthu mpaka nkhani ya laputopuyi imveke.

Ndinatumiza R4,500 pa Mukuru m'dzina la alamu kuti agulire mlongo wanga laputopu ya kukoleji. Ndinawauza momveka: Lenovo ThinkPad, Dell Latitude kapena HP EliteBook, yogwirapo kale ntchito inde, koma ya m'maofesi. Chithunzi chomwe mwanayu wanditumizira pa WhatsApp chikuonetsa kanthu kapulasitiki kolembedwa Celeron, dzina la purosesa (ubongo wa laputopu) yofooka ya m'makina otchipa. Amayi, imeneyi ndiye ntchito yanga kuno ku Johannesburg. Kuyambira m'mawa ndimapukuta, kuyesa ndi kulongedza malaputopu amene makampani asiya kugwiritsa ntchito, ndipo mitengo yake ndimaidziwa monga mudziwira inu mtengo wa ndowa ya chimanga. Kanthu kaja sikangafike ndi theka lomwe la ndalama ija. Yotsalayo ili kuti?

Amalonda odzapikula kuno kuchokera ku Lusaka, Harare ndi Maputo sanyengeka ndi kunyezimira. Amayamba afunsa ngati purosesa ndi Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu (8th gen) kapena yatsopano kuposa pamenepo, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana makina akale. Kenako amafuna SSD (chosungira mafayilo chachangu), RAM (memore yogwirira ntchito) yosachepera 8GB, ndi batire yoti munthu agwirebe ntchito magetsi akathima. Amagwedeza mahinji, amadina batani lililonse. Akapeza BIOS (pulogalamu yoyambitsa laputopu) yotsekedwa ndi pasiwedi ya kampani yakale, amabweza pompo. Amafunanso umboni wolembedwa woti zonse za mwini wake woyamba zinafufutidwa, ndi nambala ya laputopu iliyonse palisiti. Anthu ogula makatoni ambirimbiri salola kupusitsidwa, nanga ine ndipusitsidwe pa imodzi yokha, ndi munthu wa pakhomo pathu?

Mbuzi ija musagulitse. Feteleza ndigula ndine, ndalama yake idzabwera m'dzina lanu.

Kuno mvula yayamba ndipo mtima wanga uli kumunda. Ndasowa usipa wotendera ndi nsima ya mgaiwa, ufa wa kuno sundikhutitsa. Pa zochepa zimene ndimalandira ndimasunga, ndimadzimana ndiwo, ndiye zimandipweteka kumva kuti alamu akuoneka ndi foni yatsopano mwezi womwewo. Sindikunena kuti aba. Ndikuti afotokoze.

Mlongo wanga atembenuze laputopuyo, ajambule sitika ya pansi pomwe pali nambala, anditumizire lero lomwe. Alamu abweretse lisiti kwa inu, pamaso pa amalume, chifukwa ine ndikaimba amangoti netiweki yavuta. Ngati ogulitsawo angalole, ibwezedwe. Akakana, ndidzatumiza ThinkPad yosankha ndekha pa basi ya ku Blantyre mwezi wamawa, koma mtengo wake ndidzachotsa pa ndalama ya malata a nyumba yawo. Muwauze momwemo, achemwali asadzandidandaule.

Chaja ya ThinkPad imeneyo idzabwera ndi pulagi ya kuno ya mano ozungulira, siingalowe m'soketi zathu. Agule chingwe china pamsika, asadule mawaya n'kumasomeka. Ndipo laputopuyo ndi ya sukulu, isakhale yoonetsera mafilimu mudzi wonse.

Mundiyankhe lisanafike Lamlungu.

Ndine mwana wanu.