Usapite ku Luxor wopanda fyuluta

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti tikiti ya ku Egypt yoti ukajambule kadamsana ku Luxor wagula kale, chilenzi chija cha 600mm wachipezanso, koma fyuluta ya dzuwa ukuti yakwera mtengo, ukaonera komweko. Ukaona chiyani? Ya ndege inapezeka, ya maso ako ndiye yasowa?

Ndimvere ine. Lenzi imasonkhanitsa dzuwa lonse pakadontho kamodzi, monga munkachitira ndi magalasi a agogo ako poyatsa mapepala kuseri kwa nyumba ku Kapata, mpaka nkhokwe inatsala pang'ono kupsa. Ukasuzumira pakabowo ka kamera popanda fyuluta, chikupsa ndi mkati mwa diso, ndipo mkatimo simumva ululu. Umadzazindikira pambuyo pake, ukuwerenga uthenga pafoni koma pakati pa mawu pali chibanga. Magalasi akuda a m'sitolo sathandiza, galasi lodetsedwa ndi mwaye wa nyali ndiye usayese n'komwe. Fyuluta imavala kutsogolo kwa lenzi, yothina kuti mphepo isaiulutse koma yosavuta kuvula. Uziyang'ana pa sikirini. Magalasi oonera ndi maso akhale olembedwa ISO 12312-2.

Pa kadamsana wa pa 21 June 2001 iwe unali kumsana kwa amayi ako. Kuno ku Chipata dzuwa silinabisike lonse, n'chifukwa chake ndinakwera basi kupita ku Lusaka. Mdima unangokhala mphindi 3 ndi pang'ono. Kunazizira mwadzidzidzi, anthu anakuwa, ena ntungululu. Bambo wina pafupi nane anathera nthawi yonseyo akulimbana ndi filimu, sanadzutseko mutu.

Iwe pa 2 August 2027 udzakhala ndi mphindi zoposa 6, mwayi wake. Kamera uikhazike pa tripod, choimikira chija cha miyendo itatu, fokasi uichite ndi dzanja kadamsana asanayambe, kenako uimate ndi tepi isasunthe. Mwezi ukaphimba dzuwa lonse, ndi pokhapo pochotsa fyuluta. Uzisintha liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, kuchoka pa 1/1000 kufika pa sekondi imodzi, chifukwa kuwala kozungulira mwezi kumakhala kwamphamvu pafupi, kofooka kutali. Kuwala kwa dzuwa kukangotulukira m'mphepete, fyuluta ibwerere pomwepo. Pomwepo, osati "ndijambule kamodzi kokha". Ndimakudziwa iwe, kuyambira uli mwana sumva kuti basi. Mabatire uwasunge pamthunzi, kumeneko mu August kumatentha kuposa ku Mfuwe mu October.

Agogo ako akanaseka ulendowu. Ankati makolo athu powoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 dzuwa linada masana, ndipo sanalipire kanthu kuti aone.

Ndatumiza kandalama pafoni, ndi ka fyuluta, osati ka anzako aja a Lachisanu. Ukagula uiveke pa lenzi, uijambule, unditumizire ndione ndekha. Amayi ako akuti ubwere udzatsanzike usananyamuke, akusungira nsinjiro.

Ine bambo ako.