Kalata yotseguka kwa Bambo Gilbert F. Houngbo, Mkulu wa ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, pa mlandu wa ulesi umene achinyamata aulumali akuzengedwa

Olemekezeka Bambo Houngbo,

Tikukulemberani ife amene ntchito yathu ndi kuunika anthu aulumali, kuwathandiza kulemba mafomu opemphera thandizo la boma, ndi kuwapezera malo kwa olemba ntchito. Nkhani yathu ndi mlandu umene achinyamata akuzengedwa m'manyuzipepala ndi m'nyumba za malamulo za maiko ambiri. Akuti ana a lero safuna kukhetsa thukuta, ndipo ntchito ikangowawawa amathamangira kwa dokotala kukatenga kalata ya matenda a nkhawa kapena ADHD (vuto la kulephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi) kuti azidya ndalama za boma ali khale. Ku Britain, mu Epulo 2024, nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, Rishi Sunak, inafika ponena kuti kudalira makalata a kuchipatala kwasanduka chikhalidwe. Mawu otere akalowa m'malamulo, wopwetekeka ndi wodwala weniweni, ndipo amene akanatha kugwira ntchito amatsekeredwa njira. Tabwera kwa inu chifukwa ku ILO ndi kumene maboma, olemba ntchito ndi mabungwe a ogwira ntchito amakhalira pamodzi n'kumanga mfundo.

Kudandaula za ana n'kwakale, ndipo kunafufuzidwapo. Mu 2019, John Protzko ndi Jonathan Schooler a ku University of California, Santa Barbara, anafunsa akuluakulu masauzande angapo a ku America mmene amaonera ana a masiku ano. Anapeza kuti munthu amaona ana akuperewera pa chinthu chimene iyeyo amachichita bwino: wokonda kuwerenga ndiye amati ana sawerenga, wolemekeza ulamuliro ndiye amati ana alibe ulemu. Anapezanso kuti pokumbukira ubwana, munthu amaikamo luso limene ali nalo lero, n'kuiwala kuti analipeza pang'onopang'ono. Bwana wa zaka 55 akamadziyerekeza ndi mnyamata wa zaka 19, akumuyerekeza ndi munthu amene pa zaka 19 kunalibe. Zikanakhala zochezera tikanazisiya, koma a msinkhu umenewu ndi amene amalemba malamulo ndi kusaina zigamulo.

Ziwerengero za ofesi yanu yomwe zikutsutsa mlanduwu. Mu 2020 ntchito za achinyamata zinachepa ndi 8.7 peresenti, pamene za akuluakulu zinachepa ndi 3.7 peresenti. Pofika 2023 ulova wa achinyamata unali utatsika kufika pa 13 peresenti, wochepetsetsa m'zaka 15, kutanthauza kuti ntchito zitabwerera anazitenga. Mwa achinyamata amene sali pa ntchito, pa sukulu kapena pa maphunziro a luso, omwe ndi mmodzi mwa asanu, awiri mwa atatu alionse ndi atsikana, ndipo ambiri a iwo akulera ana ndi kudwazika pakhomo.

Sitikukana kuti m'maiko ena olemera achinyamata opempha thandizo chifukwa cha matenda a maganizo achuluka. Zifukwa zake zikudziwika. WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, imati theka la matenda a maganizo limayamba munthu asanapitirire zaka 14, ndipo mu Malichi 2022 inalengeza kuti nkhawa ndi kukhumudwa zinakwera ndi 25 peresenti m'chaka choyamba cha COVID-19, achinyamata ali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Mu 2013 buku la DSM-5, limene madokotala a maganizo amatsatira, linasuntha msinkhu woonekera zizindikiro za ADHD kuchoka pa zaka 7 kufika pa 12, n'kulolanso kuti munthu mmodzi apezeke ndi autism (vuto lokhudza kulumikizana ndi kukhala ndi anthu) ndi ADHD pamodzi. Ambiri amene kale ankangotchedwa opusa kapena amwano tsopano amalembedwa m'kaundula. Palinso china chimene andale sakonda kuchitchula: thandizo wamba la osowa ntchito likakhala lochepa kwambiri, kapena lodzaza zilango, aliyense amene ali ndi vuto m'thupi amakankhidwira ku khomo la ulumali chifukwa ndi lokhalo lotsegula.

Pamene zinthu zimasokonekera kwenikweni ndi m'chipinda chounikira. Dzina la matenda silinena zimene munthu angathe. Anthu awiri a khunyu, wina amagwa kamodzi pa chaka ndipo amamva kuti kukubwera, wina amagwa katatu pa sabata osachenjezedwa. Kalata ya dokotala ndi imodzimodzi. N'chifukwa chake mu 2001 WHO inakhazikitsa ndondomeko ya ICF, yoyang'ana zochita za munthu pamalo pomwe akukhala, ndipo chida chake cha WHODAS 2.0, cha mafunso 12 kapena 36, chimafunsa za masiku 30 apitawo: kumvetsa zinthu, kuyenda, kudzisamalira, kukhala ndi anthu, ntchito za tsiku ndi tsiku, ndi kutenga mbali pagulu. Koma maofesi ambiri amaunikabe munthu kwa ola limodzi pa tsiku limodzi, ndipo tsiku limenelo kawirikawiri ndi labwino, popeza pa tsiku loipa sakanafika n'komwe.

Funso lotseka ndilo limawononga kwambiri. Wounika akafunsa kuti “Kodi mumatha kudziphikira?”, mnyamata wa zaka 19 amayankha kuti inde, chifukwa cha manyazi, komanso chifukwa anaphikapo ndithu mwezi watha. Sanena kuti mayi ake anaimirira pambali, kapena kuti anaiwala poto pamoto. Malamulo a PIP, thandizo la ndalama la boma la Britain kwa anthu aulumali, anaganizira zimenezi bwino: munthu amatengedwa kuti amatha chinthu pokhapokha ngati amachichita mosadziika pangozi, pa mlingo wovomerezeka, mobwerezabwereza, komanso m'nthawi yosapitirira kuwirikiza kawiri ya munthu wopanda vutolo, ndipo vuto limawerengedwa ngati limakhalapo masiku opitirira theka. Lamulo n'labwino, koma lipoti likalembedwa mothamanga mumapezamo zoti wopemphayo anavala bwino ndipo ankayang'ana wounika m'maso, ngati kuti zimenezo zatsimikiza kuti angathe kukwera basi yekha m'mawa uliwonse. Fomu nayo imayenera kubwezedwa pasanathe mwezi, pamene chizindikiro chodziwika cha kukhumudwa kwambiri ndi kusatsegula makalata. M'zaka zaposachedwa, pafupifupi awiri mwa atatu alionse amene apilo yawo ya PIP inamvedwa kubwalo anapambana. Chigamulo choyamba chikamagubuduzidwa chotere, cholakwa chili pa kaunikidwe.

Kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri. Wopempha apatsidwe pepala lolembapo zochita zake kwa milungu iwiri kapena inayi lisanafike tsiku, masiku abwino ndi oipa omwe. Wounika afunse kuti “Tandifotokozerani mmene munachitira ulendo womaliza, anakuthandizani ndani, zinatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo mawa lake munadzuka bwanji?” Munthu amene amakhala naye aloledwe kulowa ndi kulankhula. Zokambirana zijambulidwe mawu, ndipo chigamulo chinene umboni umene wakanidwa ndi chifukwa chake. Amene akudikirabe pamzere wautali kuti aonane ndi katswiri asakanidwe chifukwa chosowa kalata ya katswiriyo. Umboni wa mphunzitsi kapena namwino amene amamudziwa ulandiridwe.

Zimene anthu amazitcha ulesi nthawi zambiri zimakhala masamu. Taonani ku America. Pa SSDI, thandizo la aulumali amene anagwirapo kale ntchito, munthu amaloledwa miyezi 9 yoyesera ntchito akulandirabe zonse. Ikatha, malipiro akangodutsa malire oikika ngakhale ndi dola imodzi, thandizo lonse la mwezi umenewo limaima. Pa SSI, thandizo la aulumali osauka lomwe achinyamata ambiri aulumali amalandira, thandizo limatsika pang'onopang'ono, dola imodzi pa madola awiri alionse amene wapeza, ndipo zimenezo n'zanzeru. Koma saloledwa kusunga chuma choposa madola 2,000, malire amene sanasinthe kuyambira 1989. Mnyamata amene anavutika miyezi yambiri kuti avomerezedwe, amene akudziwa kuti matenda ake amabwerera, akapatsidwa ntchito ya miyezi itatu yopanda chitsimikizo amawerengera zomwe angataye n'kukana. Kholo lililonse lomukonda lingamulangize chomwecho. Ndondomeko yabwino imachotsa thandizo mwapang'onopang'ono, monga Universal Credit, thandizo wamba la ku Britain la opeza zochepa, imene imadula mapeni 55 pa paundi iliyonse imene munthu wapeza pa ntchito; ndondomeko yabwinoyo imalonjezanso polemba kuti ntchito ikalephereka munthu abwerera pa thandizo lake osayambiranso fomu, komanso kuti kuyesa ntchito sikudzagwiritsidwa ntchito ngati umboni woti anachira.

Pamafunikanso kusiyanitsa ndalama ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Ina imalowa m'malo mwa malipiro kwa amene sangathe kugwira ntchito. Ina imalipira zimene ulumali umawonjezera pa moyo: mayendedwe, zipangizo, womuthandiza. PIP ndi ya mtundu wachiwiriwu ndipo imaperekedwa ngakhale munthu ali pa ntchito. Kuidula pofuna kukankhira anthu ku ntchito n'kuwalanda chimene chimawafikitsa kuntchitoko.

Msinkhu wosinthira nawo ndi msampha. Ku England mwana amachoka pa thandizo la ana kupita pa PIP pa zaka 16. Ku America wolandira SSI amaunikidwanso pa zaka 18 ndi muyezo wa akuluakulu. Zimachitika nthawi yomwe sukulu ikutha ndiponso chipatala cha ana chikumutulutsa, choncho onse amene ankamudziwa amachoka nthawi imodzi. Kukonzekera kuyenera kuyamba zaka ziwiri nthawiyo isanakwane, ndi munthu mmodzi wodziwika amene azimutsata mpaka atakhazikika.

Njira yothandiza anthu odwala maganizo kupeza ntchito ilipo kale ndipo inayesedwa mokwanira. Njirayi, yotchedwa IPS (Individual Placement and Support), imene Deborah Becker ndi Robert Drake anaiyambitsa ku New Hampshire m'zaka za m'ma 1990, sidikira kuti munthu ayambe wachira. Aliyense wofuna ntchito amalandiridwa. Pasanathe masiku 30 amakhala atakumana ndi wolemba ntchito, pa ntchito yeniyeni ya malipiro enieni imene iye wasankha. Mlangizi wa ntchito amakhala m'gulu limodzi ndi azachipatala, sasenza anthu oposa 20, amayendera olemba ntchito maso ndi maso kasanu ndi kamodzi pa sabata, ndipo sasiya munthu akangoyamba ntchito. Pa kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana, oposa theka la olowa mu IPS anapeza ntchito, poyerekeza ndi pafupifupi mmodzi mwa anayi pa njira zakale. IPS imafa pamene boma latenga dzina lokha n'kupatsa mlangizi anthu 60, kapena laimangirira ku chilango cha kudulidwa thandizo.

Khama pa ntchito nalo limaphunziridwa pa ntchito pomwepo, kwa wamkulu amene ali ndi nthawi yoonetsa. Achinyamata ambiri amagwa m'milungu yoyambirira pa zinthu zazing'ono: malangizo asanu onenedwa pakamwa nthawi imodzi, ndandanda ya mashifiti yosintha usiku, mankhwala ogonetsa m'mawa. Malangizo olembedwa, kuyamba mochedwerako ndi ola limodzi, malo opanda phokoso, ndi mphindi 15 pa sabata zokambirana ndi bwana zimapulumutsa ntchito zambiri. Bungwe la Job Accommodation Network ku America lakhala likupeza kuti pafupifupi theka la zosintha zotere sizidya ndalama iliyonse, ndipo Pangano la United Nations la 2006 la ufulu wa anthu aulumali limati kukana kusintha koyenera ndi tsankho. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto; pa nkhani iyi ambiri akuukolezera.

Achinyengo alipo, ndipo agwidwe poyerekeza zolembedwa za misonkho ndi za malipiro, osati pochititsa manyazi aliyense wobwera ndi fomu. Mu 2024 boma la Britain lenilenilo linati chinyengo pa PIP sichinafike 1 peresenti ya ndalama zoperekedwa. Choopsa chenicheni ndi china: munthu wolowa pa thandizo ali ndi zaka 20 n'kungosiyidwa osafunsidwanso kuti akufuna chiyani. Ndipo mkangano wonsewu ndi wa maiko ochepa. Lipoti lanu la 2020–22 linati padziko lonse, mwa anthu atatu aulumali waukulu, mmodzi yekha ndiye amalandira thandizo la ndalama. Tikuopa kuti maiko amene akungoyamba kumene ndondomeko zawo atengera kukayikirana kumeneku asanalembetse ndi munthu mmodzi yemwe.

Pempho lathu ndi ili, Bambo. Pangano la ILO nambala 159, lonena za ntchito za anthu aulumali, ndi la 1983, ndipo silifika pa zimene tafotokozazi. ILO itulutse malangizo kwa maboma onena za kaunikidwe ka matenda osinthasintha, kuchotsa thandizo mwapang'onopang'ono, ndi ufulu wobwerera ntchito ikalephereka. Ipemphenso dziko lililonse kuti chaka ndi chaka lizifalitsa, pogawa misinkhu, chiwerengero cha opempha, okanidwa, opambana apilo, ndi amene anayesa ntchito n'kukhalabe pa ntchitoyo patatha miyezi 12. Tikupempha kuti nkhaniyi iikidwe pa ndandanda ya msonkhano waukulu wa ILO wa mu Juni ku Geneva, achinyamata aulumali eni ake ali m'chipindamo.

Ndife, mwaulemu,
Ounika, alangizi a ntchito ndi othandiza opempha thandizo la ulumali