Kodi matenda a mwana wanga ndi chilango cha tchimo limene ndinalapa kale?

Wolemekezeka Mlangizi,

Ndine bambo wa zaka 44, wapabanja, ndipo ine ndi mkazi wanga tili ndi ana atatu. Ndalimba mtima kukulemberani chifukwa funso limene likundisowetsa tulo ndalephera kulitula kwa abusa athu, amene amaidziwa mbiri yanga yonse, moti ndikangoganiza zokhala nawo pansi n'kuyambanso nkhani imene tonse tinkayesa kuti inatha, mawu amandithera.

Zaka 8 zapitazo ndinalakwira Mulungu ndi mkazi wanga pochita chibwenzi chamseri kwa miyezi ingapo. Palibe amene anandigwira; chikumbumtima ndicho chinandizunza kufikira ndinaulula ndekha, poyamba kwa mkazi wanga, kenaka kwa akulu a mpingo. Anandiimitsa ku mgonero kwa kanthawi, ndinalandira mwambowo popanda kuwiringula, ndipo nthawi itakwana ndinabwezeretsedwa. Mkazi wanga analira masiku ambiri koma anandikhululukira, ndipo kufikira lero sanayambe wandikumbutsa za nkhaniyo, ngakhale pamene tasemphana mawu. Patapita chaka anabadwa mzime wathu, mwana wamkazi, amene mumtima mwanga ndinkamuona ngati chizindikiro chakuti kumwamba nakonso mlandu wanga unatsekedwa.

Chaka chatha, madzulo ena, mwanayu ankalemba ntchito ya kusukulu ine nditakhala pambali pake. Ndinangomva pensulo ikugwa, ndipo pocheuka ndinaona maso ake atatembenuka, thupi litauma gwa, kenaka anagwera pansi n'kuyamba kuphiriphitha, thovu likutuluka kukamwa. Sizinapitirire mphindi ziwiri, koma atatsitsimuka anandiyang'ana ngati munthu amene sanamuonepo. Kuchipatala atamuyeza anatiuza kuti ndi khunyu. Dokotala anafotokoza mwachifatse kuti awa ndi matenda a mu ubongo, kuti si opatsirana, kuti ambiri amasiya kugwa akamamwa mankhwala tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ndiponso kuti mwa odwala ambiri chimene chinayambitsa matendawa sichipezeka n'komwe. Mawu otsirizawo ndiwo anandilasa, chifukwa pamene dokotala anasiya posalemba kanthu, mtima wanga unalembapo tchimo langa.

Patapita masiku angapo achemwali anga aakulu, munthu wopemphera amene sindikayika kuti amandikonda, anabwera kudzazonda mwana. Potsanzikana anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, kumbukirani za Davide." Sanawonjezerepo kanthu, ndipo sikunafunikire kutero.

Usiku womwewo ndinatsegula 2 Samueli 12, ndipo kuyambira pamenepo ndawerenga chaputalacho kosawerengeka. Chimene chimandiopsa si tchimo la Davide, koma mmene mneneri Natani anamuyankhira iye atavomera kulakwa kwake. Anamuuza kuti Mulungu wachotsa tchimo lake ndipo sadzafa, koma pomwepo, asanapume n'komwe, anawonjezera kuti mwana amene wabadwa mwa chigololo chakecho adzafa ndithu. Davide anasala kudya, anagona pansi usiku wonse akupempherera mwanayo, koma pa tsiku lachisanu ndi chiwiri mwanayo anamwalira. Chikhululuko ndi imfa zinatuluka pakamwa pamodzi. Ngati zinatero kwa munthu amene Baibulo limati anali wa pamtima pa Mulungu, ine ndine yani kuti ndiganize kuti kulapa kwanga kunafafaniza zonse?

Musandiyese munthu wosadziwa malemba a mbali inayo, pakuti ndawafufuza ngati wodwala wofunafuna mankhwala. Pa Yohane 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa Yesu ngati anachimwa ndi iyeyo kapena makolo ake, ndipo Yesu anakana zonse ziwiri. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nanena kuti sanali olakwa kuposa ena onse okhala mu Yerusalemu. Anzake atatu a Yobu, amene anaumirira kuti mavuto otere sangagwere munthu wosalakwa, Mulungu mwini anawadzudzula pa Yobu 42:7 chifukwa sananene zoona za Iye. Ezekieli 18:20 amanena mosapsatira kuti mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake, ndipo Aroma 8:1 amati palibenso kutsutsidwa kwa amene ali mwa Khristu Yesu. Masana mavesi amenewa amandigwira mtima. Koma usiku, ndikamva kamphokoso kuchipinda cha ana n'kudzambatuka, limene limabwera m'mutu ndi Eksodo 20:5, lonena za kulanga ana chifukwa cha atate awo kufikira mbadwo wachitatu ndi wachinayi.

Lamulungu lina abusa analalikira pa Ahebri 12, pamene mlembi akubwereza mawu a pa Miyambo 3:11-12 akuti Ambuye amalanga amene amamukonda. Anafotokoza kuti liwu lachigiriki limene lili pandimeyo, paideia, limanena za kaleredwe ka mwana, ndiye kuti kumuphunzitsa, kumuwongola ndi kumukonzekeretsa ukulu, osati kumubwezera choipa monga amachitira woweruza kwa wamlandu. Ndinazindikira pomwepo kuti ngakhale m'chinenero chathu, kulanga ndi kulangiza ndi mawu a tsinde limodzi, kotero chilango chenicheni chimayenera kukhala ndi malangizo m'kati mwake. Anthu ambiri anatuluka m'tchalitchi atatonthozedwa, koma ine ndinatuluka ndi funso lolemera kuposa limene ndinalowa nalo.

Vuto langa ndi lakuti inenso ndine bambo, ndipo ndimadziwa mmene bambo wachikondi amalangira. Mwana wanga wachisamba akalakwa ndimamukhazika pansi, ndimamuuza chimene walakwa, ndimamupatsa chilango cholingana ndi kulakwako, ndipo zikatha zimatha. Sindinayambe ndamukhalira chete zaka 7 kenaka n'kumudzidzimutsa ndi chikwapu, ndipo sindingamenye mng'ono wake kuti iye aphunzire. Nditachita zotero, palibe amene angazitche chikondi. Davide anatumiziridwa mneneri wodzamuuza poyera kuti ichi chikuchitika chifukwa cha chakuti. Ine ndili ndi mawu anayi okha a mlongo wanga ndi mtima wanga wodzitsutsa. Nanga munthu amasiyanitsa bwanji chilango cha Mulungu ndi masautso amene amagwera aliyense wokhala m'thupi lodwala ndi lakufali? Ndipo ngati chilango cholinga chake n'kuwongola wokhota, chikuwongola chiyani mwa munthu amene anatembenuka kale, pogwiritsa ntchito thupi la mwana amene pa nthawi ya tchimolo anali asanabadwe?

Ndiulule pano chinthu chimene mwina chikuthandizeni pondiyankha. Malemu bambo anga anali munthu wa dzanja lofulumira, woyamba wamenya chifukwa chake n'kumadzachimva pambuyo, mwinanso osachimva konse. Tinkadziwa mmene tsikulo lithere pongomva kuponda kwawo akamafika pakhomo. Ndimadzikayikira kuti mwina nkhope yawo ndi imene ndaiveka Mulungu, ndipo ndikamati ndikuopa Mulungu, kwenikweni ndikumvetsera kuponda kuja.

Pa nthawi ina ndinafika poganiza kuti Mulungu wa Chipangano Chakale ndi wina, waukali, ndipo Atate wa Yesu ndi wina, wachifundo. Ndinachita mantha nditakumbukira zimene tinaphunzira m'kalasi ya Baibulo, kuti ganizo limeneli ndi la Marcion, amene mpingo wa ku Roma unamuchotsa m'chaka cha 144 chifukwa cha chiphunzitso chomwechi. Ndiponso malemba sandilola kugawa motero. Ndi m'Chipangano Chakale momwemo mmene Masalimo 103 amanena kuti Mulungu satichitira monga mwa zochimwa zathu, koma amatichitira chifundo monga atate achitira ana awo, ndipo Maliro 3:33 amati Iye sasautsa anthu mwakufuna kwa mtima wake. Ndi m'Chipangano Chatsopano mmene Hananiya ndi Safira anagwa n'kufa chifukwa cha bodza, pa Machitidwe 5. Pa Eksodo 34:6-7 Mulungu podzifotokoza kwa Mose anatchula chifundo, kusakwiya msanga ndi kukhululuka, koma m'chiganizo chomwecho anati sadzamuyesa wosalakwa munthu wopalamula. Ndikuvomereza kuti ndi Mulungu mmodzi, woyera ndi wachikondi. Chimene chandikanika ndi kudziwa mbali imene yandiyang'ana ine lero.

Zimenezi zawononga mapemphero anga. Ndikayamba ndi mawu akuti Atate wathu, lilime limalemera. Ndayamba kuwerenga masiku amene mwana sanagwe ngati malipiro a khalidwe langa, ndipo tsiku lina atagwa ine nditagona osapemphera usiku wa dzulo lake, ndinadziimba mlandu sabata yathunthu. Ndikudziwa kuti uku n'kumusandutsa Mulungu wamalonda wolemba ngongole m'kabuku, ndipo ndikudziwanso kuti si chimene mtanda wa Yesu umaphunzitsa, koma mtima wanga sukumva zimene mutu ukudziwa. Mkazi wanga sindinamuuze kalikonse. Ndimamuona akuwerenga mapiritsi m'mawa uliwonse, ndipo ndimaopa kuti mwina nayenso amaganiza za Davide koma akundisungira ulemu. Komabe kumufunsa kuli ngati kutukula chilonda chimene iye anachipoletsa ndi misozi yambiri.

Ndikupemphani mundithandize kumvetsa ngati tchimo lokhululukidwa limakhalabe ndi chilango chotsalira, kapena ngati zimene zinachitikira Davide zinali za iye yekha monga mfumu imene tchimo lake linanyozetsa dzina la Mulungu. Mundilangizenso ngati n'koyenera kumuululira mkazi wanga mantha angawa, ndi mmene ndingawayankhire achemwali anga popanda kuwapsetsa mtima, pakuti kuchokera tsiku lija ndimawazemba.

Koma chimene chandifulumizitsa kulemba ndi ichi. Mwezi wathawu mwanayu anagwa kusukulu, ndipo anzake anabalalika n'kumamuonerera chapatali. Usiku ndikumufunditsa anandifunsa kuti, "Adadi, kodi Mulungu wandikwiyira?" Ndinamuyankha msanga kuti ayi, Mulungu amamukonda kwambiri, ndipo anagona. Ine ndinakhala m'mphepete mwa bedi lake kwa nthawi yaitali, chifukwa ndinali nditamuuza chinthu chimene ndimachikhulupirira ponena za iye koma ndikulephera kuchikhulupirira ponena za ine mwini. Ndi mwana wofunsa mafunso, ndipo ndikudziwa kuti adzafunsanso kuti ngati Mulungu sanamukwiyire iye, ndiye wakwiyira yani. Ndithandizeni tsikulo lisanafike.

Ndine wanu,
Bambo wothedwa nzeru