Musanalembetse digiri yachiwiri ya mbewu ndi nthaka, werengani nyengo za mvula

Akonzi,

Tiloleni tilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi achinyamata amene amaliza digiri yoyamba ya zaulimi ndipo mtima wawo uli pa digiri yachiwiri ya sayansi ya mbewu ndi nthaka. Maphunziro amenewa ndi ofunika ndipo tikufuna kuti ambiri awachite. Chimene chimatiwawa n'kuona mwana wanzeru akuthera zaka zitatu kapena zinayi pa maphunziro a zaka ziwiri, kapena kusiyira panjira, chifukwa cha zinthu zimene akanatha kuziona asanalembe n'komwe kalata yofunsira malo.

Choyamba ndi nthawi. M'mayunivesite ambiri digiri yachiwiri imatenga zaka ziwiri, ndipo gawo lalikulu la chaka choyamba limathera m'kalasi. Koma munda sudikira kuti mayeso athe. Kumene mvula imagwa kamodzi pachaka, zaka ziwiri ndi nyengo ziwiri zokha zobzala. Ngati ndondomeko ya kafukufuku yavomerezedwa mbewu zitamera kale m'minda, nyengo imodzi yapita, ndipo zotsatira za nyengo imodzi pamalo amodzi n'zovuta kuziteteza, chifukwa oyesa adzafunsa ngati chimene mwaonacho ndi mphamvu ya feteleza kapena ndi mwayi wa mvula ya chaka chimenecho. N'chifukwa chake timati pitani kusukulu muli kale ndi funso la kafukufuku m'manja, kuti mvula yoyamba ikupezeni mutayika kale zikhomo m'munda. Ngati nyengo ndi imodzi basi, yesetsani kubzala malo awiri kapena atatu osiyana nthaka.

Funsolo nalonso likhale lokwana m'nthawiyo. Ambiri amakopeka ndi mitu ikuluikulu, monga kufufuza ngati kusiya mapesi m'munda kumawonjezera kaboni m'nthaka. Funsoli ndi labwino, koma kaboni amasintha pang'onopang'ono kwambiri, moti pa zaka ziwiri kusinthako kumabisika m'kusiyana kumene kulipo kale pakati pa mbali imodzi ya munda ndi inzake. Ku Rothamsted, malo ofufuzira zaulimi ku England, kuli munda wa tirigu umene wakhala ukuyesedwa kuyambira 1843, ndipo ndi minda ya zaka zambiri ngati imeneyo imene imayankha bwino mafunso oterowo. Wophunzira wa zaka ziwiri asankhe chimene mbewu ingayankhe m'nyengo yomweyo: mlingo wa nayitrojeni, nthawi yothira, kutalikana kwa mapando, kapena mmene soya amachitira akapakidwa tizilombo ta Rhizobium, timene timamuthandiza kupeza nayitrojeni kuchokera mu mpweya. Wofunadi za kaboni afufuze mphunzitsi amene ali ndi munda woyeserera wakalekale, alowe m'ntchito imene inayamba kale.

Apa tafika pa mphunzitsi woyang'anira kafukufuku. Dzina la yunivesite lisakukopeni kuposa munthu amene mukagwire naye ntchito. Werengani zimene wasindikiza m'zaka zisanu zapitazi, mumulembere, ndipo mumufunse mwaulemu koma mosabisa: munda uli kuti, ndani alipire antchito ndi mayendedwe, labotale ili ndi mankhwala ndi zipangizo zogwira ntchito? Funsaninso amene anadutsa m'manja mwake kuti amatenga nthawi yaitali bwanji kubweza mutu wa lipoti la kafukufuku umene wapatsidwa kuti awerenge. Thandizo lolipira fizi yokha silikwanira pa maphunziro ano. Taonani masamu ake: njira 6 zoyesa, iliyonse yobwerezedwa kanayi, ndi timinda 24. Mukatenga dothi pa kuya kuwiri, poyamba ndi pomaliza, ndi timatumba 96. Kathumba kalikonse kakayezedwa pH (muyeso wa asidi m'nthaka), kaboni, nayitrojeni ndi fosifolasi, ndi kuyeza 384, ndipo kulikonse kuli ndi mtengo wake. Werengerani zimenezi musanavomere malo.

Kumene ntchito zambiri zimafera ndi pokonza munda. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, pamene katswiri wa masamu a kafukufuku R. A. Fisher ankagwira ntchito ku Rothamsted komweko, malamulo okonzera munda woyeserera sanasinthe: bwerezani, chitani maere, gawani munda m'magulu. Ngati munda ndi wotsetsereka, gulu lililonse la timinda ligone chopingasa chitsetserekocho, kuti timinda ta m'gulu limodzi tikhale pa nthaka yofanana, ndipo gulu lililonse likhale ndi njira zonse 6, malo ake osankhidwa mwa maere. Pewani pamene panali chulu, khola kapena pamene anatenthapo zinyalala, chifukwa kamunda kogwera pamenepo kadzabereka bwino ngakhale musathirepo kanthu. Musaiwale kamunda kosathira chilichonse, poti popanda iko mulibe poyerekezera. Ndipo pali cholakwa chimodzi chimene sichikonzeka pambuyo pake: kuthira feteleza theka la munda, theka linalo ayi, kenako n'kuyeza mapesi 20 mbali iliyonse n'kumati mwabwereza ka 20. Simunabwereze, muli ndi timinda tiwiri tokha. Kaonaneni ndi katswiri wa masamu a kafukufuku musanabzale, osati mutakolola.

Kuyeza feteleza kumafunanso dzanja losamala. Urea ali ndi nayitrojeni 46 pa 100 iliyonse, choncho kuti muthire makilogalamu 92 a nayitrojeni pa hekitala mufunika makilogalamu 200 a urea, amene ndi magalamu 20 pa sikweya mita. Kamunda ka mizere 6 yotalikana masentimita 75, yaitali mamita 5, ndi masikweya mita 22.5, ndiye kafunika magalamu 450. Yezeranitu pasikelo, ikani m'timapepala tolembedwa nambala ya kamunda, ndipo pothira mukhalepo nokha. Urea akasiyidwa pamtunda kunja kukutentha, gawo lina la nayitrojeni limauluka ngati mpweya, choncho mukwirireni.

Dothi la kamunda kamodzi musalitenge pa dzenje limodzi. Tengani pa malo 10 kapena kuposerapo, moyenda mokhotakhota, pa kuya kofanana, mwachitsanzo masentimita 0 mpaka 20. Sakanizani m'ndowa yoyera ya pulasitiki, umitsani pamthunzi, sefani ndi sefa ya mamilimita 2. Chizindikiro chilembedwe pawiri, china kunja kwa thumba, china mkati ndi pensulo, chifukwa inki imasuluka ndi chinyezi ndipo thumba lopanda dzina ndi dothi wamba. Dothi loyezera naitireti, mtundu wa nayitrojeni umene mbewu zimayamwa, lisungidwe pozizira ndipo lipite msanga ku labotale, apo ayi tizilombo ta m'dothimo tipitiriza ntchito yawo m'thumba momwemo ndipo nambala idzakunamizani. Ku labotale dziwani njira imene akugwiritsa ntchito. Fosifolasi wa nthaka ya asidi amayezedwa kawirikawiri ndi njira ya Bray, wa nthaka ya laimu wambiri ndi njira ya Olsen, ndipo manambala a njira ziwirizi sayerekezedwa mwachindunji. Chimodzimodzi pH: yoyezedwa m'madzi imatuluka yokwererapo kuposa yoyezedwa m'mankhwala a calcium chloride. Lembani njirayo m'buku lanu. Nambala ya pH si yamasewera, pakuti pH ikatsika kupitirira 5.5 aluminiyamu amayamba kuwononga mizu ndipo fosifolasi amamangika, moti feteleza angaoneke ngati walephera pamene vuto ndi asidi.

Pokolola siyani mizere ya m'mphepete ndi mapando a kumapeto, chifukwa amenewo amadya za kamunda koyandikana nako ndiponso amalandira dzuwa lambiri. Yezani chinyezi cha mbewu pa kamunda kalikonse. Chimanga cholemera makilogalamu 10 chili ndi chinyezi cha 20 peresenti chimatsala makilogalamu 9.14 chikawerengedwa pa 12.5 peresenti, ndipo wosakonza zimenezi amapereka ulemu kwa mbewu yochedwa kuuma pomwe wayeza madzi. Kumbukiraninso kuti pa malo a masikweya mita 10, kuphonya magalamu 100 okha ndi kuphonya makilogalamu 100 pa hekitala. Ikani choyezera mvula pamunda pomwepo, ndipo lembani tsiku limene chiswe, mbozi kapena ziweto zawononga kamunda kakutikakuti, chifukwa podzalemba simudzakumbuka.

Za kulemba tingonena mwachidule. Manambala alowe m'kompyuta tsiku lomwelo ndipo asungidwe malo awiri. Phunzirani pulogalamu ya R m'chaka choyamba, ndi yaulere ndipo imachita masamu onse amene munda wotere umafuna. Mutu wofotokoza njira zimene mwatsata ulembeni mbewu zikadali m'munda. Amene akuganizira za digiri yachitatu (PhD), imene imatenga zaka zitatu kapena kuposerapo, ayesetse kusindikiza pepala limodzi kuchokera m'kafukufuku wa digiri yachiwiri, pakuti opereka malo ndi thandizo amaliyang'ana kwambiri.

Kwa akuluakulu a mayunivesite pempho lathu ndi limodzi: vomerezani ndondomeko za ophunzira a mbewu ndi nthaka motsata kalendala ya mvula, miyezi iwiri kapena itatu kubzala kusanayambe, kuti apeze mpata wotenga dothi loyamba, kugula mbewu ndi kuyala timinda tawo.

Ife,
Aphunzitsi a sayansi ya mbewu ndi nthaka