Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za mizinda: pimani misewu anthu asanamange

Olemekezeka a Nduna,

Tikulemba ife akatswiri a mapulani a mizinda ndi mainjiniya. Banki Yaikulu Yapadziko Lonse imati zoposa 80 peresenti ya chuma cha padziko lapansi zimapangidwa m'mizinda, ndipo bungwe la United Nations likuyerekeza kuti pofika 2050, anthu 68 mwa 100 alionse adzakhala akukhala m'matauni. Komatu kuchulukana kwa anthu pakokha sikulemeretsa dziko. Mwini fakitale amafunsa: kodi antchito adzafika pasanathe ola limodzi? Nanga lole idzatuluka ndi katundu? Akaona kuti ayi, amakamanga kudziko lina, ntchito ndi misonkho n'kupita komweko.

Pempho lathu lalikulu n'la malo a misewu. Yerekezani kumene mzinda udzafike zaka 30 zikubwerazi. M'dera lonselo, jambulani misewu ikuluikulu yopingasana, yotalikirana kilomita imodzi, uliwonse wa mamita 30 m'lifupi. Mukatero, palibe amene adzayende mtunda woposa theka la kilomita kuti akwere basi. Lipirani eni minda chipepeso, khomani zikhomo, dzalani mitengo m'malire. Phula lidikire. Mzinda wa New York unapima misewu ya Manhattan mu 1811, dera lalikulu likadali minda, ndipo misewu yake ndi yomweyo mpaka lero.

Chimene chimalakwika timachidziwa. Pulani imakongola papepala, n'kutsekeredwa mukabati, pansi popanda chikhomo ngakhale chimodzi. Anthu amagula mapuloti mumsewu wam'tsogolo uja. Tsiku loika mapaipi amadzi ndi ngalande, boma limayamba kugwetsa nyumba, milandu imatenga zaka, ndipo chipepeso cha nyumba chimaposa kutali cha munda. Lamulo lokakamiza mapuloti akuluakulu limawonjezera vutoli, poti osauka salikwanitsa ndipo amakamanga m'madambo osefukira.

Madzi nawo musathamangire damu latsopano. Mu 1993, mzinda wa Phnom Penh, likulu la dziko la Cambodia, unkataya pafupifupi 72 peresenti ya madzi ake chifukwa cha mapaipi odontha ndi kuba. Oyang'anira madzi mumzindawo anaika mita yoyezera madzi kwa kasitomala aliyense, anasintha mapaipi akale, n'kugawa mzinda m'zigawo zoyezedwa paokha kuti adziwe kumene akudontha. Zaka 15 zisanathe, otayika anali osakwana 10 peresenti.

Ndalama zake? Msewu ukadutsa, mtengo wa malo umakwera, choncho khonsolo itengeko gawo kudzera mumsonkho wa malo ndi nyumba. Koma simungakhometse msonkho pamalo amene simukudziwa mwini wake. Dziko la Rwanda linalembetsa malo oposa 10 miliyoni pakati pa 2009 ndi 2013 pogwiritsa ntchito zithunzi zojambula kuchokera m'ndege.

Tikupempha kuti mubajeti ikubwerayi muike ndalama zopimira ndi kulipirira malo a misewu, komanso mulole makhonsolo kusunga msonkho umene atolera.

Ife anu,
Akatswiri a mapulani a mizinda ndi mainjiniya